Mapepala amene sitinagulitse kunja

Bodzali ndinanama masana, pamaso pa ana a eni. Chinali chaka chimene makope anasowa, ine ndikuphunzitsa Sitandade 7 kufupi ndi Bembeke. Mapepala ankachokera kunja, ndipo nkhondo ya ku Mozambique inali itatseka njira. Ana ankafufuta ntchito ya dzulo kuti alembepo ya lero.

Tsiku lina kunabwera woyendera sukulu, baji ya chipani pachifuwa, n'kukhala kumbuyo kwa kalasi. Phunziro linali la malonda a pakati pa mayiko. Ndinaloza mapaini a m'Phiri la Dedza pazenera, n'kunena mokweza, "Mitengo iyo timapangira mapepala ogulitsa kunja!" Chonsecho ndinkadziwa kuti imangochekedwa matabwa, mlamu wanga ankagwira ntchito komweko.

Rozina, mtsikana wanzeru kuposa onse, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga bwanji osatisiyirako ife pang'ono?"

Thukuta linanditsika kumsana, kuzizira konse kuja kwa Juni.

"Mwano! Tuluka, ukazule chitsa kuseri kwa ofesi."

Anatuluka akundiyang'ana modabwa, poti ndine ndinkawaphunzitsa kuti safunsa anadya phula. Nditacheuka ndinapeza mlendo uja akuwodzera. Sanamve chilichonse.

Rozina sanafunsenso kanthu chaka chonsecho, ndipo chotsatiracho sanabwerere kusukulu. Masiku ano ndimamupeza pamsewu akugulitsa kachewere. Amanjuta, "Wawa aphunzitsi," n'kundiikira basera. Ndimatsegula pakamwa kuti ndipepese, koma chimene chimatuluka n'chakuti, "Mvula chaka chino yavuta."