Njanji ya Bambo Inatilambalala

Dzulo mwana wa madamu amene ndimawagwirira ntchito kunja kuno, ku Al Duhail, amasongola pensulo yofiira, ndipo fungo lake linandikumbutsa bambo anga, amene anaikidwa m'manda mwezi watha ine ndili kuno.

Bambo ankagwira ntchito pa siteshoni ya sitima ku Balaka, ndipo ankabwera kumudzi Loweruka pa njinga. Ankasewera masewera a njanji ndi mnzawo wa ku Luchenza kudzera pa positi. Aliyense anali ndi mapu ake ojambulapo njanji ndi pensulo, ndipo ankalemberana makalata kuuzana pamene njanji yake yafika. Woyamba kufika ku Salima ndiye ankapambana.

Ine ndinkaganiza kuti pamene bambo ajambulapo, sitima idzadutsadi pomwepo. Mzere wawo wofiira utayandikira mudzi wathu, ndinauza anzanga onse kuti amayi sadzayendanso wapansi kupita kuchipatala ndi mwana kumbuyo.

Loweruka lina ndinapeza mzere uja wakhotera kwina.

"Bambo, nanga kwathu kuno?"

"Kuno kuli mtsinje, iwe. Kumanga mlatho kumadya makalata awiri. Ukufuna wa ku Luchenza uja andipitirire?"

Bambo anapambana, ndipo anauza aliyense amene anakumana naye panjira. Anzanga akandiona ku mjigo ankalira ngati sitima. Ndinasiya kuthamangira kukawalandira njinga.

Ndakula tsopano, ndikudziwa kuti anali masewera chabe, ndipo bambo anga ndikuwalira. Koma zimandiwawabe kuti ngakhale papepala, pamene mlatho sunkafuna simenti, iwo anasankha kutilambalala.