Linali fumbi la ku Joni, osati mchere wanga

Dzulo kuchigayo cha ku Pembamoyo ndinamva wogayitsa akutsokomola, nkhope ili mbuu, ndipo ndinakumbukira inu a Phiri, amuna anga. Munabwerako kumigodi ya ku Joni nthawi ya Chitaganya ndi jekete, sutikesi ndi chifuwa cholira ngati mvukuto. Azungu ataona kuti mphamvu zakutherani anangokukwezani sitima. Kuno abale anu anati ndi mdulo: eti ine ndinayenda ndi mwamuna wina inu kulibe, kenako nkukuthirirani mchere m'ndiwo.

Tsiku lina amalume anu anatikhazika pafupi ndi nkhokwe, nati nditchule dzina la mwamunayo kuti mankhwala agwire. Inu mutatsamira mtondo munati, "Msiyeni Nabanda. Pansi paja tinali kuboola mwala wouma, fumbi mpaka mnzako osamuona, kukamwa kuli pululu. Tonse a m'chipinda mwathu tikutsokomola. Ndiye tonsefe akazi athu anatidula?" Amalume anati matenda akukulankhulitsani. Sindinatchule munthu poti panalibe, ndipo mutamwalira anati liuma langa ndilo lakuphani. Pamaliro anu anandikhazika kutali ngati mlendo. Kusukulu sindinapondeko, koma chimene chinadya mapapo anu ndinachimva pakamwa panu. Eni mgodi sanafunse ngakhale kumene munagona, amalume anunso anapita osapepesa. Adzukulu a amalumewo anaphunzira, ndiye awerenge mawu ndalembetsawa: mwamuna wanga anali mmodzi, ndinu. Gonani a Phiri. Dzina lija ankafuna amalume ndilibe mpaka lero.