Tsiku Limene Atate Analumpha Luangwa

Chaka chimene ndinalowa Giredi 7, m'mawa uliwonse ndikamavala yunifolomu ndinkangoganiza za mayeso. Aliyense kwathu ku Kabwata, mu Lusaka, ankadziwa kuti mayeso a kumapeto kwa chaka chimenecho ndiwo ankasankha ana opita ku sekondale, ndipo malo anali ochepa. Otsala tinkawaona tsiku ndi tsiku: anyamata ogulitsa ndudu imodziimodzi poimira basi, atsikana obereka ana a azakhali awo.

Atate anali kalaliki mu ofesi ina ya boma. Anachoka ku Chipata ali mnyamata, ndipo ankakhulupirira kuti chimene chinawachotsa pa khasu ndi kuloweza zonse zimene mphunzitsi walemba pa bolodi. Ine ndinali mwana woyamba. Ankakonda kundifunsa kuti, "Ukalephera iwe, ang'ono akowa adzatsata ndani?"

Pasukulu pathu panali makalasi awiri a Giredi 7. Lina linali ndi mayi wachikulire wodziwika kuti ana ake amakhoza. Lathu linapatsidwa mphunzitsi watsopano, mnyamata woonda wongochokera ku koleji, amene ankayenda mofulumira ngati wachedwa kwinakwake. Tinkangomuti ba ticha.

Sabata yachiwiri anatituma kukatenga makasu a kudimba la sukulu. Tinaganiza kuti ndi chilango. Koma anatitengera kuseri kwa makalasi, pamalo a fumbi pamene panalibe udzu, n'kunena kuti, "Lero tikumba Zambia."

Anajambula malire a dziko ndi phulusa, aakulu moti kalasi lonse linkakwana m'kati. Ife tinakumba timigula ta mitsinje, Zambezi, Kafue ndi Luangwa. Mapiri tinaumba ndi dothi la pachulu. Njanji tinaindandalika ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo matauni a kumigodi anali zidutswa za njerwa zofiira. Titamaliza anatipatsa zitini zamadzi kuti tithire kumene mtsinje uliwonse umayambira, tione kumene madziwo apite. Ena a ife tinali tisanamvepo kuti Kafue amakathera mu Zambezi. Tsiku limenelo tinamuona akulowamo, akukankha timitengo ndi nyerere.

Tsiku lina anatisandutsa sitima zonyamula mkuwa. Aliyense ananyamula mwala n'kumayenda pa njanji chakumwera. Titafika ku Livingstone, ba ticha anaima potambasula manja.

"Njira ya kumwera yatsekedwa," anatero. "Dziko lathu lilibe nyanja yamchere. Mkuwa wanuwo muugulitsa bwanji? Nanga katundu wobwera pa sitima zapamadzi alowera kuti?"

Tinakangana mpaka belu linalira. Mnzanga amene ndinkakhala naye desiki imodzi, mtsikana wa ku Kamwala wolankhula chitauni, ndiye anatulukira yankho. Anathamanga ndi mwala wake chakumpoto akukuwa kuti, "Ba ticha, tipite ku Tanzania chabe!" Ine ndinaima pomwepo ndi mwala wanga, ndikuganiza za amayi amene ankalawirira kukaima pamzere m'tauni kuti apeze sopo ndi mafuta ophikira. Ndinali ndisanaganizepo kuti mzere umenewo unali ndi chifukwa chimene mwana angachimve.

Masamu nawo tinkachitira panja nthawi zambiri, kuyeza mthunzi wa mlongoti wa mbendera ndi chingwe. Ndinayamba kukonda sukulu, ndipo chimenechi ndicho chinkandiopsa. Tikamabwerera m'kalasi ndi mapazi a matope, tinkamva anzathu a kalasi lina akubwereza mokweza mayina a mizinda ndi zaka, onse pamodzi ngati pemphero. Makope awo ankadzaza n'kugula ena. Langa linali lidakali ndi masamba ambiri oyera. Ndinkadzifunsa ngati iwo sanali kutisiya m'mbuyo pamene ife tinkasewera ndi madzi.

Madzulo ena atate anaona dothi lofiira pa masokosi anga. Anandifunsa kumene ndinali, ndipo ndinafotokoza zonse, poyamba mosangalala, kenako mawu akuchepa poona nkhope yawo. Anaitanitsa kope langa n'kulitsegulatsegula.

"Miyezi yonseyi mwalemba izi zokha?"

"Zina timaphunzira panja, atate."

Amayi anafuna kundithandiza. "Abambo ake, mwanayu akuphunzira ndithu. Dzana amandifotokozera chifukwa chake sopo akusowa m'masitolo."

Pamenepo ndiye zinaipiratu. Masiku amenewo nkhani za kusowa kwa zinthu anthu ankazilankhula motsitsa mawu, makamaka ogwira ntchito m'boma. Atate anayang'ana kuzenera kaye asanayankhe.

"Nkhani za sopo m'kalasi? Mnyamata ameneyu akufuna kutiitanira mavuto. Lachinayi ndipita ndikamuone."

Masiku otsalawo sindinkadya bwino. Ndinkaona m'maganizo atate akukalipira ba ticha pamaso pa kalasi lonse, ahedi akubwera, ba ticha akusamutsidwa, anzanga onse akudziwa kuti zachokera kunyumba kwathu. Nthawi yomweyo mbali ina ya mtima inkati mwina atate akunena zoona, mwina tonse tidzalephera. Ndinauza mnzanga uja yekha. Iye anangoti, "Iwe, osayopa. Ba tate bako sibazamumenya." Sizinanditonthoze.

Lachinayi linafika. Ndinapemphera kuti tikhale m'kalasi tsiku limenelo, tikulemba mwakachetechete monga ana a sukulu yeniyeni. Koma titangopuma, ba ticha anati titenge zitini. Ine ndinapatsidwa Luangwa. Ndinali nditagwada ndikuthira madzi pamene ndinamva kulira kwa tcheni cha njinga imene ndinkaidziwa bwino. Atate anaitsamiritsa pa mtengo wa mango, n'kubwera atavala tayi ndi nsapato zawo zakuda zopukutidwa. Ndinapitiriza kuthira osayang'ana, mpaka madzi anasefukira m'mbali.

Ba ticha anawalonjera ndi manja awiri. "Takulandirani, bambo. Ndinu kholo?"

"Wa uyo," anatero atate, akundiloza ndi chibwano. "Ndabwera kudzaona chimene ana akuchita kuno nthawi ya maphunziro."

Ndinazindikira kuti ba ticha nawonso anali ndi mantha. Anapukuta manja pa buluku.

"Tikuphunzira njira za m'dziko lathu, bambo. Pepani kufunsa, kwanu n'kuti?"

"Ku Chipata."

"Ana ambiri pano anabadwira m'tauni muno, njira ya kum'mawa sanaiyendepo. Ine ndine wa kumigodi, ndimangoidziwira m'buku. Mungationetseko mmene munabwerera?"

Ndinkayembekezera kuti atate akana. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako analoza njerwa imene tinaika kum'mawa.

"Katete mwamuika pafupi kwambiri ndi malire. Musunthireni kuno."

Mnyamata wina anathamanga kukaisuntha. Atate anaponda m'kati mwa phulusa lija, naima pa Chipata. Anayamba ndi mawu a muofesi, ouma, kutchula Katete, Petauke, Nyimba. Koma atafika pa mapiri a dothi la pachulu anachedwa. Anati anabwera pamwamba pa lole yonyamula mtedza, msewu uli wafumbi wokhawokha, ndipo m'mapiri amenewo lole inkabwerera chambuyo moti amuna onse ankatsika kukaika miyala kumatayala. Anati kuchigwa kunkatentha mpaka madzi a m'botolo ankakhala ngati a tiyi. Zimenezi ine ndinali ndisanazimvepo kunyumba.

Kenako anafika pa Luangwa wanga, amene anali atasefukira n'kusanduka thope lalikulu. Panalibe poponda. Atate anayang'ana nsapato zawo, anakweza buluku pang'ono, n'kulumpha. Ana onse anaseka n'kuwomba m'manja. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana nkhope yawo kuti ndione ngati akwiya. Pakamwa pawo panagwedezeka pang'ono, koma anadzigwira n'kuyenda mpaka pa mwala woyera umene unali Lusaka.

Atatuluka m'mapumo anaitanira ba ticha pambali. Ndinamva zochepa chabe.

"Aphunzitsi, zimenezi n'zabwino, sindikukana. Koma pepala la mayeso silidzafunsa matope. Ndipo nkhani za m'masitolo zisiyeni, muli ndi ntchito yoti muisunge."

"Ndamva, bambo."

Sanapite kwa ahedi, ndipo pa chimenecho ndinapuma. Koma kuyambira tsiku limenelo, ndikaweruka ndinkakhala patebulo ndi atate, iwo akufunsa mafunso a m'mapepala akale, ine ndikuyankha, mpaka amayi atanena kuti mwana watopa. Temu yomaliza ahedi nawo analamula kuti makalasi onse a mayeso azikhala m'kati. Sindikudziwa ngati kholo lina linadandaula. Ba ticha anayamba kulemba pa bolodi monga anzawo, ngakhale nthawi zina ankaima pakati pa chiganizo n'kufunsa kuti, "Ndani anaima pa Kasama tsiku lija? Kumanzere kwako kunali chiyani?"

Tsiku la mayeso pensulo inkaterera m'zala chifukwa cha thukuta. Mafunso ena ndinayankha ndi mawu a atate akumveka m'mutu. Ena ndinatsinzina n'kudziona nditaima pabwalo paja, dzuwa kumsana, madzi akuyenda chakumwera pakati pa mapazi anga. Panalinso ena amene sindinawadziwe konse, ndipo amenewo ndiwo ndinapita nawo kunyumba. Tchuthi chonse cha dzinja ndinkangowakumbukira, ndikamatsuka mbale, ndikamaimba kutchalitchi, ndikamamva njinga ya atate ikufika.

Zotsatira zitatuluka ndinapita kusukulu ndi mnzanga uja. Tinapanikizana ndi ena pakhomo la ofesi ya ahedi. Ine ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Iye sanapeze malo. M'kalasi lathu ndi lina lija osankhidwa anali ochepa mofanana, moti palibe amene akanatha kunena kuti njira iyi ndiyo yapambana. Atate anati ndinakhoza chifukwa cha mafunso a patebulo aja. Sindinawatsutse, ndipo mpaka lero sindingathe kulekanitsa kuti ichi ndinachitenga kwa yani. Ba ticha anasamukira ku sukulu ina ku Chelstone chaka chotsatira.

M'mawa umene ndinkanyamuka, mnzangayo anabwera kudzandithandiza kunyamula sutikesi yachitsulo mpaka kokwerera basi. Iye anagwira mbali imodzi, ine inayo. Njira yonse ndinkafunafuna mawu oti ndimuuze, koma aliwonse ankaoneka ngati odzitama kapena omumvera chisoni, ndipo zonse ziwiri sakanazifuna. Iye ndiye ankalankhula, za mlongo wake amene anamulonjeza kumuphunzitsa kusoka pa makina. Basi itafika anakankhira sutikesi m'manja mwa kondakitala, n'kundimenya paphewa.

"Ukabwela pa holide uzaniuza vonse vamene muphunzila, wamvela?"

Ndinavomera. Ndinakhala pampando wa pazenera, chikwama chili pamiyendo, ndikuyesa kukumbukira ngati ndalongedza zonse zimene sukulu yatsopanoyo inafuna.