Tsiku limene Adekhani anafulumira

Kuntchito ankangowatchula kuti Adekhani, chifukwa pa zaka makumi atatu zimene anakhala m'kaofesi kopanda zenera, palibe anawaonapo akupupuluma. Ntchito yawo inali yowerengetsa pakompyuta mmene mpweya wopanikizika umayendera m'mapaipi a fakitale, ndipo pulogalamu yake anailemba okha. Mpweya ukamayenda bwinobwino, pulogalamuyo inkadumpha kanthawi kotalikirapo isanawerengenso. Ukawomba mwadzidzidzi, monga valavu yotsekera mpweya m'paipi ikatsekedwa, inkafupikitsa masitepe odumphawo n'kumangokwawa kuti isaphonye kanthu.

Lachisanu lina pulogalamuyo inakwawa tsiku lonse, bwana ali chiimire pakhomo kudikira zotsatira. Adekhani anatopa ndi maso a bwanayo, ndipo anaiikira malire kuti isafupikitsenso masitepe. Inamaliza pasanathe ola, manambala ali osalala, kuwomba kwa mpweya kutabisika.

Mayi wina, injiniya wa pafakitalepo, anakhulupirira manambalawo n'kusankha paipi yopyapyala. Inaphulika poiyesa. Palibe anavulala, koma mayiyo anachotsedwa ntchito. Potuluka anawagwira chanza Adekhani.

"Inu ndiye simulakwitsa, achimwene. Ndaphonya ndine," anatero mayiyo.

M'mawa mwake Adekhani anachotsa malire aja mwakachetechete, osauza munthu.

Pano anapuma ntchito. Mwana wawo wamkazi amawaseka kuti ngakhale tiyi amamwa ngati akumuyeza, iwo n'kumasekerera nawo. Nambala ya foni ya mayi uja idakali m'kabuku kawo. Moyo wawo wonse anafulumira ola limodzi lokha, koma kuimba foniyo ndiye akudekha nako mpaka lero.