Sutikesi ya Wosesa pa Khonjeni

Sitima ikaima pa Khonjeni, anthu amayang'ana nkhope za otsika, koma mkulu wosesa pasiteshoni amayang'ana manja awo. Kuseri kwa mabokosi a tiyi amasungako sutikesi yakuda yopanda kanthu. "Wobwera chimanjamanja nayenso ndi mwana wa munthu," amatero.

Chaka chomwe Chitaganya chinayamba, Elisoni anatsika kuchokera ku Halale atangofungatira bulangeti, katundu wake yense atamubera m'njira. Anakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, kenaka anafunsa za sitima yobwerera.

"Mubwerere mayi anu asanakuoneni, achimwene?" anafunsa mkuluyo. Anaponya njerwa m'sutikesi muja n'kuisenza pamutu. "Tsogolani, bwana. Zoona zake mukanenere m'nyumba, osati pamsewu."

Anadutsa pakati pa othyola tiyi, mkuluyo akubuula dala ngati wasenza chuma, azimayi akululutira. Pakhomo mayi ake a Elisoni sanafunse za katundu, anangomugwira mwana wawo nkhope n'kulira.

Mpaka lero Elisoni akapha nkhuku, ntchafu imapita kusiteshoni. Sutikesi ija yabwerako ku Halale ndi ku Joni kosawerengeka, koma sitima sinaikwerepo.