Bisun Deo Alira Kunja kwa Chingwe

Kuno ku Labasa, Bisun Deo tinkamudziwa pa zinthu ziwiri: kudula nzimbe ndi kulira. Nzimbe zinali za masiku onse. Kulira kunali kamodzi pachaka, pa sewero la nkhondo ya milungu ndi ziwanda lomwe makolo athu adabwera nalo kuchokera ku India. Akazi sasewera nawo, ndiye Bisun, chimunthu cha zikhatho zokakala ngati khungwa, ankameta ndevu, kuvala sari ya mkazi wake Phulmati, n'kusanduka mfumukazi ya ziwanda. Nkhondo ikatha, mfumukaziyo imayenda pakati pa mitembo kufunafuna mwana wake. Apo Bisun ankalira mpaka ogulitsa mtedza kuiwala malonda.

Koma kunyumba munthuyu sankalira. Bambo ake atamwalira, msozi ngakhale umodzi sunagwe. "Inu misozi yanu imadikira sari basi," Phulmati ankamunena choncho, ndipo sankanama.

Mwana anali naye mmodzi, Salesh. Eni nthaka imene Bisun ankalimapo atanena kuti munda autenga, mnyamatayo anapita kukayendetsa malole ku nkhondo ya ku Iraki. Anabwerako m'bokosi lokhomerera. Bisun anayatsa yekha nkhuni zootchera mtembo, n'kumetedwa mpala, maso ali gwa. Anthu anayamba manong'onong'o, ndipo Phulmati analeka kumuyankhula. Chisoni chinalipo, chachikulu zedi, koma chinkasowa potulukira. Malo olirira ankadziwa amodzi okha, ndipo sewero linali litayandikira.

Anapita kwa a Jagessar, mkulu wa sewerolo, n'kuwapeza atazungulira beseni la kava, chakumwa chathu cha mizu, ndi anzawo.

"Achimwene, chaka chino ndilowa ngati kale."

"Iwe Bisun, takhala pansi umwe kaye. Masiku a maliro sanathe m'nyumba mwako. Uponda bwanji poponda milungu?"

"Ine si mulungu ayi. Ndine mkazi wa chiwanda. Nacho chiwanda chimadetsedwa?"

Wina anaseka, kenako n'kugwira pakamwa.

"Chingwe chikangozungulira bwalo, ponsepo m'poyera," anatero a Jagessar. "Sindinayambe ndine. Nanga ansembe ndikawauza chiyani?"

"Tsiku limodzi lokha, achimwene. Ndagwira mwendo wanu."

"Chaka chamawa chilipo, mphwanga."

Mwambo suvuta kusunga maliro akakhala a mnzako. Ufumukazi anaupereka kwa telala wina wa m'tauni.

Tsiku lomaliza la sewero, dzuwa likupendeka, Bisun anaima kumbuyo kwa khamu, kunja kwa chingwe, atavala malaya ake a kumunda. Ng'oma zinalira, mivi ya nsungwi inauluka, ziwanda zinatha psiti. Telala analowa akupunthwa ndi sari yake, akulira ngati mbuzi ya pachingwe, ana n'kumafa nalo phwete. Atagwada pa mtembo wa mwana wa mfumukazi, mawu anam'thawa. Anangoti kakasi, maso kwa a Jagessar.

Mawuwo anatulukira kumbuyo. Bisun sanadziwe n'komwe kuti wayamba liti.

"Mwana wanga, dzuka! Fumbi si pogona pako! Anakutuma ndani nkhondo ya eni?"

Dzina la m'sewero silinabwere pakamwa pake. Ankaitana Salesh. Anadziguguda pachifuwa, n'kugwa chafufumimba, misozi ndi mamina kusakanikira ndi dothi, kulira koti ngakhale ife amene tinakulira pa kulira kwake sitinakumvepo.

Khamu lonse linatembenuka. Ambiri anali alendo obwera pa mabasi kuchokera kutali, osadziwa kuti m'mudzi muno mwagwa chiyani. Ankayesa ndi luso latsopano la chaka chino, loti mfumukazi ilirire pakati pa anthu. Anaomba m'manja, malikhweru ali pyopyo.

"Koma mdalayu amatha!" anafuula bambo wina. "Abwerezenso!"

Phulmati anadutsa m'khamumo akukankha anthu ndi zigongono, nakakhala pansi m'fumbi pafupi ndi mwamuna wake, anthu akuombabe m'manja.