Msoko wa pa Chifuwa cha Bambo

Ndinadzuka kusanache, nkhungu ya ku Kaning'ina itakuta Chibavi yense. Amayi a kumpingo anali ataimba mpaka kusasa mawu, ndipo panja ophika ankalimbana ndi nkhuni zonyowa. Mayi anga anali pamkeka pafupi ndi thupi la bambo, okhaokha. Abale a bambo ochokera ku Nkhata Bay anakhala chowafulatira. Bambo anagwa atangomwa tiyi, ndiye manong'onong'o anali oti mayi anawathirira mankhwala. Azakhali sankamwa ngakhale madzi a mu ndowa yathu.

Bambo anagwira ntchito zaka zambiri kunyumba yachisoni ya pachipatala, kuthandiza dokotala kung'amba ndi kusoka mitembo. Ena ankaopa kuwapatsa moni wa pamanja, koma iwo ankangoseka n'kunena kuti wakufa sanama. Anatilamula kalekale kuti akadzafa tidzawapimitse. Ine ndinasaina pepala lololeza kuwapima, abale akulusa kuti ndacheketsa bambo ngati mbuzi.

Kutacha anthu anakhamukira pakhomo, kamvula kakuwaza. Azibambo osambitsa thupi anatuluka akuuzana za msoko wa pachifuwa, wowongoka ngati wa telala. Amene anausoka anali mnzawo wa bambo wa kuntchito, yemwe bambowo anamuphunzitsa okha. Ndinanyada, sindibisa.

Tinapita kumanda wapansi, matope akutivula nsapato. Tcheyamani wa chipani analankhula motalikitsa monga mwa masiku onse. Kenako inafika nthawi yoti wachibale afotokozere khamu mmene imfa yayendera. Bambo aakulu, omwe ankatsogolera zonena mayi, ataimirira, ndinawapatsa pepala la dokotala m'manja. Anali mphunzitsi wopuma, munthu wosatha kunyoza cholembedwa. Analiwerenga kawiri chamumtima, kenako mokweza: mtsempha waukulu wa pamtima unaphulika, ndipo m'mimba munalibe chiphe chilichonse. Bambo, ali m'bokosi momwemo, anali atamuikira umboni mkazi wawo.

Madzulo nyumba inatsala ndi ife ochepa ndi fungo la utsi. Azakhali anatembenukira kwa mayi.

"Alamu," anatero, "munditungireko madzi."

Mayi anadzuka pang'onopang'ono. Anasiya makapu onse n'kutenga kapu ya bambo, yomwe ija anamwera tiyi womaliza. Azakhali anaizindikira. Anailandira ndi manja awiri.

"Yewo chomene," anathokoza m'chinenero cha kwawo, ndipo anamwa onse.